Za m'thumba la wozimitsa moto: zikhale zochepa, zopezeka mumdima

Mu 2017 dziko lonse la Zambia linali pa mkangano wa magalimoto 42 ozimitsa moto amene boma linagula pa mtengo wa madola 42 miliyoni. Nkhaniyo inamveka m'mabasi, m'misika ndi pa wailesi kwa miyezi. Koma galimoto yozimitsa moto, idule bwanji, imaima panja. Wolowa m'nyumba ndi munthu, ali chokwawa, payipi m'manja, silinda ya mpweya wopuma kumsana. Akangodutsa pakhomo n'kumira mu utsi, nkhwangwa, makwerero ndi makina odulira zitsulo amene atsala pa galimoto samuthandizanso zinthu zikatembenuka mwadzidzidzi. Chimene ali nacho ndi chimene chili pathupi pake basi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ndiye funso la zimene wozimitsa moto ayenera kuika m'matumba a zovala zake si laling'ono monga limamvekera.

Maganizo anga ndi akuti thumba si malo osungira chilichonse chimene mwina chidzafunika tsiku lina. Ndi malo a zinthu zochepa zimene zimagwira ntchito pa nthawi imene simungathe kubwerera ku galimoto. Ndipo zinthuzo zisankhidwe poyang'ana nyumba ndi misewu ya kuno kummawa kwa Zambia, osati kungokopera zimene anzathu a ku America amaonetsa m'mavidiyo.

Tiyambe ndi chovala chenichenicho. Jekete ndi buluku la wozimitsa moto zimasokedwa ndi nsalu zitatu zosanjikizana. Yakunja ndi yosagwira moto msanga, yolukidwa ndi ulusi monga Nomex ndi Kevlar. Yapakati imatchinga madzi ndi mankhwala kuti asafike pakhungu, koma imalola nthunzi ya thukuta kutuluka. Yam'kati ndi yofufuma, ndipo ntchito yake ndi kusunga mpweya, pakuti mpweya wotsekeredwa m'nsalumo ndiwo umachedwetsa kutentha. Ku Ulaya zovalazi zimayesedwa ndi muyezo wa EN 469, ku America ndi wa bungwe la NFPA. Tsono taganizani munthu wadzaza thumba la pantchafu ndi masipanala, kenako n'kugona chammbali pa simenti yotentha. Zitsulo zija zimapanikiza nsalu yam'kati, mpweya uja n'kuthawa, ndipo pomwepo ndi pamene amapsa, makamaka chovala chikakhala chanyowa kale ndi thukuta. Nsonga ya sikuludiraiva ikaboola nsalu yapakati, chovala cha ndalama zambiri chawonongeka, ndipo bowolo kunja silioneka.

Palinso kulemera. Chovala, chipewa, majombo ndi silinda ya mpweya zikaphatikizana zimapitirira makilogalamu 20, munthu asananyamule payipi. Ku America, kumene amalemba mosamala imfa za pantchitoyi, pafupifupi theka la ozimitsa moto omwalira ali pa ntchito amafa ndi mtima, osati ndi malawi. Ife tionjezerepo dzuwa la mu Okutobala, limene ku chigwa cha Luangwa, cha ku Mfuwe uko, limapitirira madigiri 40. Silinda ya malita 6 yodzazidwa kufika pa 300 bar imasunga mpweya wa malita pafupifupi 1,800. Pa pepala zimenezo ndi mphindi 45, koma munthu amene ali pa ntchito ya kalavulagaga amapuma kawiri kuposa pamenepo, mwakuti mphindi 20 zisanathe kawezulo kochenjeza kuti mpweya watsala pang'ono kalira. Chitsulo chilichonse chosafunika chimene chili m'thumba chimadya nawo mpweya umenewo.

Tsopano tayang'anani nyumba zathu za ku Chipata, kaya ku Kapata, ku Mchini, ku Navutika kapena ku Kalongwezi. Zambiri n'zapansi. Mawindo onse ali ndi mabagala, ndipo pakhomo pali zitseko ziwiri, chathabwa ndi chazitsulo, chazitsulocho chili ndi maloko mwina awiri. Tinachita zimenezi poopa akuba, ndipo palibe angatidzudzule. Koma kwa wozimitsa moto zikutanthauza kuti khomo limene walowera ndi lomwelo lotulukira. Mnzake wa ku London zikamuvuta amaswa windo n'kutuluka. Wathu akaswa windo amakumana ndi zitsulo, ndipo palibe chida cha m'thumba chimene chingadule zitsulo zimenezo. Zimafuna makina amene ali panja, ndi munthu wina woti awagwire.

N'chifukwa chake chinthu choyamba chimene ndingaike m'thumba la wozimitsa moto wa kuno ndi chotchipa kuposa zonse: timatabwa tosongoka mbali imodzi, tiwiri kapena titatu, tokhomera pansi pa chitseko. Kalipentala aliyense angakudulireni pa zotsala zake. Chitseko chikabwerera n'kupana payipi, madzi amachepa kapena kulekeratu, ndipo amene ali m'kati sadziwa chimene chachitika. Choopsa kwambiri ndi payipi yophwa imene yadutsa pansi pa chitseko: madzi akalowa imafufuma n'kuchigwira chitsekocho mwakuti sichikankhika. Kathabwa kaja kamaletsa zonsezi, ndipo mukakasiya m'nyumbamo simudandaula. Pamodzi nako pakhale kachidutswa ka chubu cha njinga yamoto kapena galimoto, kobooledwa malo awiri. Mumakakoloweka pa zogwirira za chitseko mbali zonse ziwiri, mphirayo n'kuphimba kalilime ka loko, ndiye chitseko chimatha kutsekeka koma osadzikhoma. Chubu ku Chipata sichisowa.

Apa pafunika kusamala, chifukwa ambiri amaganiza kuti ntchito ya kathabwa ndi kusiya chitseko chotseguka kotheratu. Moto wa m'nyumba za masiku ano, zodzaza matiresi a siponji, masofa ndi mapulasitiki, umadya mpweya wa m'chipinda m'mphindi zochepa n'kuyamba kutsamwa. Umaoneka ngati wafooka, koma utsi wake wakudawo ndi woyaka, ukungodikira mpweya. Mukatsegula chitseko chonse mwaupatsa chimene umafuna, ndipo chipinda chonse chingayake nthawi imodzi, anthu ali m'kati. Choncho madzi asanafike pamoto, chitseko chizitsegulidwa pongokwanira payipi, wina ataima pomwepo akuchiyang'anira. Kathabwa n'koletsa chitseko kutsekeka pamene simukufuna. Kukula kwa mpata kukhale kosankha inu.

Chachiwiri, ndipo apa ndikhalitsapo, ndi chodulira mawaya. Mu Febuluwale 2005, pa nyumba yosanja ya Harrow Court ku Stevenage, ku England, ozimitsa moto awiri anafa, ndipo mmodzi wa iwo, Jeff Wornham, anali atakodwa m'mawaya amene anagwa pulasitiki yowasunga itasungunuka. Mu Epulo 2010 zinachitikanso ku Shirley Towers mu mzinda wa Southampton, kumene Alan Bannon ndi James Shears anafa, ndipo mawaya ogwa anali m'gulu la zimene zinawatsekereza. Imfazi zitafufuzidwa, panatuluka malangizo akuti ozimitsa moto azipatsidwa zodulira mawaya zokutidwa, ndipo malamulo a kaikidwe ka magetsi ku Britain anasinthidwa kuti mawaya asamadalire pulasitiki yokha. Amenewa anali anthu ophunzitsidwa bwino, a zida zokwanira, m'dziko lolemera.

Kwathu kuno mawaya otere ali ponseponse. M'nyumba zambiri amadutsa m'mapayipi a pulasitiki pamwamba pa siling'i, ndipo siling'i ikapsa amalendewera. M'misika amayenda kuchoka pa shopu kupita pa shopu inzake, olumikizidwa ndi aliyense amene anali ndi pulayala tsikulo. Onjezani chingwe choyanikira zovala kuchipinda, waya wa makatani, waya wa dishi ya TV ndi zingwe za neti ya udzudzu. Zimenezi sizikola munthu kutsogolo kumene angazikhudze msanga. Zimakola kumbuyo, pa vavu ya silinda ndi pa chipewa, ndipo iye amangomva kuti china chamukoka. Akachita mantha n'kuyamba kulimbana nazo, amadzimanga kwambiri ndipo mpweya umatha msanga. Zoyenera ndi kuima kaye, kuuza mnzake ndi woyang'anira panja, kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti waya akhwepe, kugona chammbali silinda ili pansi, kenako kuzunguza mkono kuchokera m'chiuno kudutsa pamutu mpaka wayayo atapezeka. Akapezeka n'kukanika kuchoka, pamenepo ndi pamene chodulira chimatuluka.

Chodulira chake chikhale chogwirika ndi dzanja limodzi lovala golovesi yokhuthala, cha milomo yokhota imene imagwira waya m'malo momulavula. Kachida kopinda kokhala ndi timipeni, pulayala ndi zina m'kati, kamene anyamata amakakonda, n'kabwino pa ntchito za masana, koma tayesani kukatsegula mutavala magolovesi a moto muone. Pa chogwirira mangani kachingwe kakafupi ka mfundo yaikulu, kazisuzumira pang'ono pakamwa pa thumba, kuti dzanja likangokhudza mfundoyo chida chabwera. Ena amanyamula zodulira ziwiri, china kumanja china kumanzere, poti khoma kapena denga likakugwerani mbali imodzi, thumba la mbali imeneyo simulifikanso. Ine ndikugwirizana nawo. Ngati pali chida chimodzi choyenera kukhala pawiri, ndi chimenechi.

Nanga wayayo akakhala wamoto? Zodulira zokutidwa bwino zimalembedwa 1000 V, ndipo magetsi a m'nyumba ndi 230 V. Koma zimenezo n'za chida chouma ndi chosang'ambika, osati chonyowa ndi madzi a payipi. Chidachi n'cha munthu amene wakodwa ndipo mpweya ukumuthera. Si chilolezo chodulira mawaya a ZESCO, ndipo a m'mapolo a 11,000 V ndi 33,000 V asayandikiridwe n'komwe. Komanso zinthu zasintha. Chichokereni kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, nyumba ndi mashopu ambiri ali ndi sola padenga, mabatire ndi inveta. Kuzimitsa swichi yaikulu ya pa mita sikutanthauzanso kuti m'nyumba mulibe magetsi. Sola imapanga magetsi malinga kunja kukuwala, ndipo inveta imapitiriza kudyetsa masoketi. Kachida konga cholembera koyesera magetsi popanda kukhudza waya, kamene ena amanyamula, kamamva magetsi a AC okha, a mtundu wa m'masoketi. Pa mawaya a DC ochokera ku sola kamangokhala chete. Kakalira, kakhulupirireni, koma kukhala chete kwake musakudalire.

Chachitatu ndi lamba wa nayiloni wa mtundu umene okwera mapiri amagwiritsa ntchito, masentimita 2.5 mulifupi, mamita 6 kapena 7 m'litali, nsonga zake zitamangidwa pamodzi. Lamba wotere amapirira makilogalamu pafupifupi 1,800, koma akakulungidwa amakwana m'dzanja. Munthu wokomoka ndi utsi amalemera modabwitsa, ndipo thupi lake limaterera ndi madzi ndi thukuta. Wopsa ukamukoka pamkono khungu lingatsale m'manja. Lamba akadutsa pachifuwa ndi m'khwapa, mumamukoka muli chogwada, mutu wake utanyamuka pang'ono. Mnzanu wozimitsa moto akagwa, iye ndi silinda yake ndi zonse angapose makilogalamu 100, ndipo popanda chokokera simupita naye patali. Lamba yemweyo amagwira chitseko pochithyola kuti chisatseguke mwadzidzidzi, amamangirira payipi pa makwerero, amakwezera zida padenga. Koma kakulungidwe kake n'kofunika. Akulungidwe bwino n'kuikidwa m'golovesi yachipatala, nsonga imodzi ikutuluka, chifukwa woponyedwa chisawawa m'thumba amatuluka ali mfundo zokhazokha. Nayiloni imasungunuka ndi moto ndipo imadyeka ndi asidi wa batire, ndiye lamba amene wauma kapena wasintha mtundu asasungidwenso.

Ambiri amafunsa za chingwe chothawira pawindo. Mbiri yake ndi yomvetsa chisoni. Pa 23 Januwale 2005, ku Bronx mu mzinda wa New York, ozimitsa moto 6 anatsekerezedwa ndi moto pa nsanjika yachinayi n'kudumphira pawindo, ndipo awiri anafa tsiku lomwelo. Zitatero, nthambi yozimitsa moto ya mumzindawo inapatsa aliyense chingwe chake, ngowe ndi chotsikira. Kumeneko n'zomveka, pakuti ntchito yawo yambiri ili m'mwamba. Kuno nyumba zosanja zilipo, m'tauni, pa masukulu ndi pa mahotela ena, koma n'zowerengeka, ndipo kulowa ndi mamita 15 a chingwe m'nyumba yapansi ya mabagala ndi kudzilemetsa chabe. Chikhale pa galimoto, chizitengedwa nyumba yake ikapezeka, ndipo wochitenga akhale woti anaphunzira kutsika nacho. Chimene ndimaopa kwambiri ndi chingwe cha pamsika, chomangira ng'ombe kapena katundu, chimene munthu amachiika m'thumba n'kumadzilimbitsa mtima kuti ali ndi chothawira. Chimenecho n'chokwezera zida basi. Ozimitsa moto athu amaitanidwanso ku zitsime ndi ku zimbudzi zokumba kukavuula mwana kapena chiweto. M'menemo vuto lalikulu ndi mpweya woipa, ndipo wotsika wopanda silinda, chingwe chilimbe bwanji, amakhala maliro achiwiri.

Za tochi sindichulutsa. Zikhale ziwiri, yaikulu ya pachifuwa yokhota mutu ndi ina yaing'ono ya m'thumba. Kandulo ndi mbaula zimayatsa nyumba usiku magetsi atazima, ndiye mdima umakhala m'kati ndi panja pomwe. Mu utsi wakuda tochi siunika patali, koma imathandiza mnzanu kukuonani. Pa thanki ya petulo kapena pamene gasi wadontha pafunika tochi yovomerezeka kuti sithetheka, osati ya pamsika. Wezulo ndi wothandiza panja, pa moto wa tchire kapena pofufuza munthu, koma kumbukirani kuti mutavala chigoba cha mpweya kumaso simungamuimbe.

Mbali ina ya ntchitoyi, imene anthu saiganizira akamva za ozimitsa moto, ndi ngozi za pamsewu. Great East Road, kuchokera pa mlatho wa Luangwa kudutsa mapiri a Kacholola, Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete mpaka Chipata ndi Mwami, imanyamula mabasi, mathiraki ndi maminibasi usana ndi usiku. Galimoto ikagubuduzikira m'phompho, wozimitsa moto amatsetserekera kumeneko wapansi, ndipo woyamba kufika amakhala ndi za m'thumba zokha. Apa kachitsulo kosongoka ka sipuling'i koswera galasi n'kamtengo wapatali. Mukakakanikiza pakona yapansi ya windo la m'mbali, galasi lonse limagumuka tizidutswa ting'onoting'ono, bola mwaphimba kaye wovulalayo. Pa galasi lakutsogolo sikathandiza, chifukwa limenelo ndi magalasi awiri omatidwa pulasitiki pakati, ndipo limafuna kuchekedwa. Magalimoto ena atsopano ali ndi galasi lotere m'mbalinso, ndiye werengani zolembedwa pakona ya windo musanayambe. Podula lamba wa pampando ndi zovala, sizasi yachipatala ya nsonga yobuntha imaposa mpeni, poti siibaya munthu amene akuphupha.

Sipanala ya 10 imamasula batire la magalimoto ambiri ochokera ku Japan, amene ndiwo adzaza misewu yathu. Yambani ndi mbali ya negetivu, kuti sipanala ikakhudza thupi la galimoto pasathetheke moto, ndipo musanamasule tsitsani mawindo ndi kusuntha mipando ngati n'zamagetsi. Ngakhale batire lachotsedwa, airbag, chikwama cha mpweya choteteza okwera pa ngozi, imene sinaphulike ingaphulikebe kwa kanthawi, choncho mutu wanu usakhale pakati pa chiwongolero ndi wovulala. Ndipo magalimoto a hybrid, oyendera mafuta ndi batire lalikulu, monga Toyota Aqua ndi Prius, afika. Mawaya awo a mtundu wa olenji amanyamula magetsi opha, ndipo chodulira chanu chisawayandikire.

Magolovesi achipatala akhale mapeyala awiri kapena atatu, m'kathumba kotsekeka kuti asaume ndi kutentha ndi mwaye. Magazi akalowa m'magolovesi a moto sachoka msanga, ndipo za HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B tonse tikuzidziwa. Chomangira mwendo kapena mkono wotaya magazi kwambiri, chimene achipatala amati tourniquet, n'chopepuka ndipo ine ndikuti chiyenera malo m'thumba. Munthu woduka mtsempha waukulu angafe m'mphindi zochepa, pamene ulendo wa ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete ungatenge ola kapena kuposa. Chimamangidwa masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, osati pabondo kapena pachigongono, n'kupotokoledwa mpaka magazi atasiya. Kenako nthawi ilembedwe pomwepo, chifukwa dokotala adzafuna kudziwa kuti mwendowo wakhala nthawi yaitali bwanji wopanda magazi. Ndiye cholembera chosafufutika chikhalepo, pamodzi ndi choko cholembera pa zitseko za zipinda zimene mwafufuza kale, monga ku malo ogona ana asukulu, kuti gulu lina lisatayenso mpweya mobwereza.

Kabuku kakang'ono ndi pensulo ambiri amazinyoza. Thiraki yonyamula zinthu zoopsa imakhala ndi chikwangwani cha olenji chokhala ndi nambala ya manambala anayi: 1203 ndi petulo, 1202 ndi dizilo, 1223 ndi palafini, 1075 ndi gasi wophikira, 1942 ndi ammonium nitrate. Mathiraki otere amadutsa pa Mwami ndi pa Chanida. Kuwerenga nambalayo muli patali, kuilemba ndi kuitumiza molondola pa wailesi kumasintha zonse: muime kuti, muthire chiyani, anthu muwathamangitsire kutali bwanji. Mu Novembala 2016, ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kwa anansi athu, thanki ya petulo inaphulika anthu atazungulira kutunga mafuta, ndipo anafa oposa 70. Pa malo otere ntchito yoyamba si payipi, ndi kubweza anthu.

Tsopano zimene siziyenera kulowa m'thumba. Laitala ndi machesi, zodziwikiratu. Mpeni wosavala chimake. Makiyi akunyumba, amene amaboola nsalu pang'onopang'ono. Foni ndi yovuta, chifukwa pamene mawailesi a m'manja ndi ochepa, foni ndiyo imalumikiza gulu ndi siteshoni. Koma batire lake la lithium likatenthedwa limafufuma ndipo lingayake, komanso ndi magolovesi simungaidine. Woyang'anira panja akhale nayo. Wolowa m'nyumba aisiye pa galimoto.

Chimene ndikufuna kutsindika kwambiri ndi chakudya. Nsawawa, maswiti, bisiketi kapena fodya m'thumba la jekete la moto ndi poizoni wodzipatsa wekha. Mu 2022 bungwe lofufuza za khansa la IARC, la pansi pa World Health Organization, linaika ntchito yozimitsa moto m'gulu loyamba la zoyambitsa khansa, potchula khansa ya chikhodzodzo ndi ya mesothelioma, imene imabwera ndi fumbi la asibesitosi. Nyumba zakale zofoleredwa ndi asibesitosi tikadali nazo. Mwaye wa pulasitiki ndi siponji umakathera m'makona a matumba n'kukhala momwemo, ndipo chilichonse chodutsa m'menemo kupita kukamwa chimapita nawo. Madzi akumwa ndi mapaketi a ORS akhale pa galimoto, amwedwe munthu atavula magolovesi ndi kusamba m'manja. Chophimba pamphuno cha N95 chingakhale m'kathumba kotsekeka kaamba ka fumbi la pambuyo pa moto, koma pasakhale wodzinamiza kuti chimaletsa utsi. Mpweya wa carbon monoxide ndi wa cyanide, umene siponji yoyaka imatulutsa, umangodutsa, ndipo umakhalapobe malawi atazima.

Zonsezi n'zachabe ngati dzanja silidziwa pamene chida chili. Lamba wa m'chiuno wa silinda amadutsa pamwamba pa matumba apansi a jekete, ndiye chimene mwaika m'menemo mungachipeze bwino pa siteshoni koma n'kulephera kuchitulutsa mutavala silinda. Zida zodzipulumutsira, chodulira ndi lamba, zikhale m'matumba a pantchafu kapena pachifuwa, pofika manja onse awiri. Za pamsewu, sizasi, koswera galasi, sipanala ndi magolovesi achipatala, zingakhale m'jekete, popeza pa ngozi zambiri za galimoto silinda sivalidwa. Zitsulo zikhale m'kathumba ka kanivasi kapena m'kachidutswa ka payipi yakale kosokedwa, kuti zisakhule nsalu. Timatabwa ena amatimangirira pa chipewa ndi mphira. Ndi njira yabwino, malinga sitikola mawaya.

Ndipo malowo asasinthe. Kungakhale bwino gulu lonse la pa siteshoni litagwirizana kuti chodulira chimakhala thumba lakuti, lamba thumba lakuti, kwa aliyense, chifukwa tsiku lina wofuna chidacho adzakhala mnzanu amene akukupapasani inu mutakomoka. Kuyeserera kwake sikufuna ndalama. Valani zonse, silinda ndi magolovesi, phimbani chigoba cha kumaso ndi nsalu, gonani chammbali pansi pa tebulo, mnzanu atchule chida, inu muchitulutse. Tembenukirani mbali inayo mubwerezenso. Chimene chakanika kutuluka chisinthidwe malo. Chimene chakhala chaka chathunthu osatuluka, koma sichili m'gulu la zodzipulumutsira, chibwerere ku galimoto. Zimene munthu anaphunzira ku sukulu ya ozimitsa moto ya ku Kabwe zimazimiririka m'manja ngati sazibwereza pa siteshoni.

Kwatsala funso la amene ayenera kugula. M'dziko muno ozimitsa moto ali pansi pa makhonsolo, ndipo si chilungamo kuti munthu wa malipiro ochepa azidzigulira yekha chida chimene moyo wake ukudalira. Timatabwa, chubu ndi choko angazipeze yekha. Koma chodulira chokutidwa, lamba woyesedwa, tochi yovomerezeka ndi tourniquet yeniyeni zikhale pa ndondomeko ya zogula ya khonsolo limodzi ndi jekete ndi majombo, chifukwa munthu akasiyidwa yekha amagula zimene thumba lake lingakwanitse, ndipo zonyengezera zadzaza. Tourniquet yabodza imathyoka kamtengo kake pa nthawi yopotokola. Mabwana a m'masiteshoni, poyamba shifiti mumaona mpweya wa m'masilinda ndi mafuta a galimoto. Onjezerani mphindi ziwiri aliyense akhuthule matumba ake pa tebulo, tochi iyatsidwe, chodulira chilume kachidutswa ka waya. Ndipo pochapa zovala pambuyo pa moto, matumbawo atembenuzidwe, atsukidwe m'makona, zida zipukutidwe zisanabwereremo.